Diresi Loyera ndi Lipenga la a Kang

Zhiyuan ndi mwamuna wabwino, ndisaname. Samwa, satukwana, ndipo ndikadwala chimfine amafika ndi msuzi wa nkhosa ukadali wotentha. Vuto lake ndi limodzi. Ukamuuza kuti tilowere kumanja avomera, wina akamuuza kuti kumanzere avomeranso, kenako amaima pakati n'kumamwetulira ngati wathetsa nkhani. Ine Ruolan, mwana wa a Pei, khalidwe limeneli ndinkalitcha kufatsa. Ndinadzasiya kulitcha choncho sabata ya ukwati wathu.

Ukwati unali Loweruka. Lolemba lake tinapita ku hotela kukaona holo ndi kumva mmene mwambo udzayendere. Woyendetsa mwambo anali Dandan, ndipo sindinamusankhe ine. Dandan ndi wa mudzi umodzi ndi Zhiyuan. Ali mtsikana ankaimba m'gulu la a Kang, bambo a Zhiyuan, ndipo aliyense kuno akudziwa kuti awiriwa anayendapo limodzi ine ndisanaoneke. Atamva za ukwati anadzipereka yekha kuti adzatiyendetsera mwambo, Zhiyuan n'kuvomera, poti nanga akanatani.

"Alamu, inu mudzaima apa," anatero Dandan akuloza pansi ndi nsonga ya gogoda wake. Ine amanditchula alamu, Zhiyuan achimwene, ndipo mawu onse awiri amawathira shuga wambiri. "Zitseko zikatseguka magetsi adzazima, lidzatsala limodzi lowalira inu. Bambo anu adzakugwirani mkono. Ndiye a Kang adzayamba kuliza lipenga, n'kukutsogolerani mpaka pa nsanja."

"Adzayamba kuliza chiyani?"

"Lipenga, alamu. Suona yawo ija." Anatembenukira kwa Zhiyuan akuphethira ngati mwana wosadziwa kanthu. "Achimwene, simunawauze?"

Zhiyuan anali atapeza chinthu chosangalatsa kwambiri kudenga.

Nyimbo yolowera ndinali nditaisankha kalekale. Ya masiku ano, ya piyano, yoyamba pang'onopang'ono kuti munthu usapunthwe ndi diresi. Ndinaitumiza kwa Zhiyuan, iye anayankha kuti ndi yokoma, akaipereka ku hotela. Ndipo ine, chitsiru, ndinakhulupirira.

"Ya piyano ija ilipo, musade nkhawa, ndidzaiika podula keke," anatero Dandan. Kenako anapendeketsa mutu. "Koma diresi lanu ndi loyera, eti? Ee. Zoyera kumbuyo kwa lipenga. Agogo akumudzi adzanong'onezana ndithu, koma inu ndi a m'tauni, zimenezo sizikukhudzani."

Ankadziwa pamene akubaya. Kwathu kuno lipenga ndi limodzi lomwelo pa zofiira ndi pa zoyera. Mkwatibwi wovala zofiira akayenda pambuyo pake, ndi chimwemwe. Munthu wovala zoyera akayenda pambuyo pake, ndiye kuti akuperekeza bokosi.

* * *

M'galimoto ndinangodikira kuti atseke chitseko.

"Unawauza liti bambo ako kuti adzaliza?"

"Sindinawauze ine. Anachita kundifunsa."

"Iwe n'kuti chiyani?"

"Ndinati tiona."

"Zhiyuan, tiona wako uja aliyense amamumva ngati inde. Unagwedeza mutu?"

"Mwina pang'ono."

"Mwina pang'ono. Ndiye unkafuna ndidzadziwire pa chitseko, maluwa ali m'manja?"

"Ndinkafunafuna nthawi yabwino yokuuzira."

"Unkaifunafuna kuti, pansi pa bedi?"

Sanalize galimoto. Anagwira chiwongolero ndi manja onse awiri ngati tikutsika phiri, chikhalirecho tili chiimire.

"Ruolan, tamvera. Abambo akhala akuyeserera kuyambira nthawi yokolola tirigu. Amanga nsalu yofiira yatsopano pa lipenga. Auza mudzi wonse. Masiku ano ndani akuwaitana ku ukwati? Aliyense akufuna masipika. Iwo atsala ndi maliro okhaokha, mpaka amayi ena amakoka ana awo akawaona pa msewu. Akuti kamodzi kokha alizeko zofiira m'holo ya magetsi, pa ukwati wa mwana wawo mmodzi yekhayo. Ndikanawayankha chiyani?"

"Ukanawauza zoona."

Zoonazo Zhiyuan ankazidziwa bwino lomwe. Amayi anga anamwalira ine ndi iye tisanadziwane. Tinakawaika kumudzi kwa bambo, ndipo ine ndinayenda kuchokera pakhomo mpaka kumanda nditavala nsalu yoyera kuyambira kumutu mpaka kumapazi, lipenga likulira patsogolo panga. Wolizayo sindinamudziwe dzina. Ndinangoona khosi lake lofiira, mitsempha itatuluka. Tsiku loyamba Zhiyuan kunditengera kwawo, bambo ake anatuluka kudzandilandira pa geti, ndipo ndinazindikira khosi lija. Tsiku limenelo ndinadya zonse zimene anandiikira, ndinaseka poyenera kuseka, n'kukalirira m'basi. Nditamuuza Zhiyuan, anandichonderera kuti bambo ake asadziwe. Akuti amaliza maliro ambiri, nkhope sazikumbukira, ndipo atadziwa zikhoza kuwapweteka.

Chimene chinkandisautsa kwambiri n'chakuti a Kang ndinawakonda. Amanditchula Lanlan. Mapichesi akapsa, oyamba amawatumiza kwa ine. Ndikapita kwawo amachita kubisa mbale ya mtedza kuti Zhiyuan asandidyere. Munthu wotero umamuuza bwanji kuti ntchito ya moyo wake wonse imakudwalitsa?

"Ine ndinayenda kale nditavala zoyera kumbuyo kwa bambo ako," ndinamuuza Zhiyuan. "Kachiwiri sindingathe."

"Nanga utavala zofiira?"

"Lipenga lidzasintha mawu chifukwa ine ndasintha diresi?"

"Nyimbo zake n'zosiyana, Ruolan. Ya ukwati ndi yodumphadumpha."

"Kwa iwe. Ine likangolira ndimamva dothi likugwera pa bokosi."

Anandigwira dzanja. Dzanja lake limakhala lofunda nthawi zonse, ndipo zimandikwiyitsa, chifukwa mkwiyo wanga umayamba kusungunuka ndisanamalize kuugwiritsa ntchito.

"Ndikonza," anatero. "Ndipatse mawa lokha."

* * *

Kunyumba ndinapeza bambo akusenda adyo pa tebulo. Ndinkati ndisawauze kanthu, koma wina anali atanditsogolera.

"Mtsikana wa mwambo uja anaimba foni," anatero osatukula mutu. "Waulemu kwambiri. Akuti ndidzayende pang'onopang'ono, ndisadzapitirire woliza lipenga."

"Ababa, Zhiyuan akonza."

"Zhiyuan akonza." Anaponya khoko la adyo m'mbale. "Mnyamata uja ngakhale kolala ya malaya ake imadikira iwe. Ndinakuuza pachiyambi pomwe kuti ukulowa m'banja la oliza malipenga. Anthu amene amadya kumene anzawo akulira."

"Musatero. A Kang sanakulakwireni."

"Sanandilakwire. Ntchito anaigwira bwino kwambiri, n'chifukwa chake ikumvekabe m'mutu mwangamu." Anaika mpeni pansi n'kundiyang'ana. "Tamvera, mwana wanga. Mwamuna wasankha wekha, ndavomera. Diresi la achingerezi, ndavomera. Azakhali ako akubwera kuchokera ku Harbin kudzandiuza kuti ndawonda, ndavomera. Koma lipenga limenelo likalira m'holo muja, ndikusiya mkono pa chitseko pomwepo n'kutuluka. Amayi ako ndinawaperekeza nalo. Iwe sindikuperekeza nalo."

"Ndiye mudzandichititsa manyazi pamaso pa anthu onse?"

"Manyazi amatha. Ine ndikadzagwa pansi pa kapeti wawo uja, ndiye udzadziwa manyazi."

Ndinafuna kuwakalipira, koma ndikanawakalipira bwanji poti ananena zomwe zinali mumtima mwanga momwe? Ndinalowa kuchipinda n'kupeza diresi lija likulendewera m'pulasitiki mwake. Mwezi wathunthu ndinkalisuzumira ndikumwetulira ndekha. Tsiku limenelo ndinaliika m'kabati n'kutseka.

* * *

Mawa lija linafika. Dzuwa linakwera, linayamba kupendeka, Zhiyuan ali zii. Ndinamulembera pa foni.

"Wawauza?"

"Ndili m'njira."

Ndinachapa zovala, ndinayanika. "Wawauza?"

"Ndawapeza akudya."

"Amaliza?"

"Amaliza, koma pano akuyeserera. Akumveka bwino kwambiri, Ruolan. Ukanamva."

Ukanamva. Apo ndiye mtima unandipsa mpaka m'makutu. Ndinadina pojambulira mawu, ndipo pakamwa panathamanga kusiya nzeru m'mbuyo.

"Iwe Zhiyuan, ndiwe mwamuna kapena pilo? Kawauze bambo ako lero lomwe kuti lipenga lawo limanunkha maliro, ndipo ine sindikufuna fungo limenelo pa ukwati wanga. Ukalephera, ukwatire lipengalo."

Ndinatumiza. Mtima utatsika ndinafuna kuufufuta uthengawo, koma foni inakana, nthawi yofufutira inali itadutsa. Ndinadzitonthoza kuti womva ndi iye yekha, ndipo pakamwa panga anapazolowera.

Anayankha mwachidule. "Ndamva. Ndapeza njira."

Njira yakeyo ndinaiona Lachitatu masana, pa foni pomwepo. Dandan anaika chithunzi choti anzake onse aone. Mbale ziwiri za msuzi wa nkhosa, pa malo aja a pafupi ndi mlatho pamene Zhiyuan amandigulira ine. M'mbali mwa chithunzicho munkaoneka mkono wa jekete, ndipo jekete imeneyo ndinagula ndine. Pansi pake analemba kuti anthu odziwana kalekale safuna mawu ambiri.

Ndinamuimbira Zhiyuan. Anayankha msanga, ngati munthu amene amadikira chikwapu.

"Msuzi unakoma?"

"Ruolan, si mmene ukuganizira."

"Sindikuganiza kanthu ine. Ndafunsa za msuzi."

"Ndinamupempha kuti andithandize. Dandan amadziwa kulankhula ndi abambo, anakulira m'gulu lawo, amamumvera. Ndinati akawafotokozere mofatsa."

"Akawafotokozere chiyani?"

Ndinafunsanso molunjika.

"Zhiyuan, wamuuza chiyani Dandan?"

"Za amayi ako. Pang'ono chabe, kuti amvetse."

"Za amayi anga. Zomwe unandiletsa ine kuuza bambo ako, wakazikhuthulira m'mbale ya Dandan."

"Amafunsa kuti vuto n'chiyani kwenikweni, ndiye ine..."

"Uthenga wanga uja Dandan waumva?"



"Anangoti amve mmene wakwiyira, kuti adziwe poyambira."

"Ali kuti pano?"

"Wapita kumudzi. Inenso ndikupita, ndingomaliza..."

Ndinadula foni. Nsanje ndinali nayo, ndisabise, yochuluka ndithu. Koma mantha anaiposa. Ndinavala nsapato, ndinagula botolo la kachasu wa mapira pa golosale ya pakona, n'kuthamangira basi.

* * *

M'basi ndi mmene mutu wanga unayamba kugwira ntchito, mochedwa monga mwa masiku onse. Ndinaona kuti njira inalipo kuyambira kale. M'mawa wa ukwati galimoto imayamba yakafikitsa mkwatibwi kunyumba kwa mwamuna, ndipo makolo a mkazi sapita nawo. Ndinati ndidzavala zofiira, ndidzatsikira kumapeto kwa msewu wawo, ndidzayenda kumbuyo kwa lipenga mpaka pa geti, mudzi wonse ukuona. Ndidzaluma mano. Misozi ikadzatuluka, anthu adzati ndi ya mkwatibwi. Masana ku hotela kudzakhale piyano, bambo anga adzandigwire mkono mwamtendere. Ndinkaopa, koma ndinati chifukwa cha a Kang ndidzatha.

Kumudzi anali atayanika chimanga pa msewu, mbali zonse, moti basi inanditsitsira patali. Pa mphambano yolowera kwa a Kang ndinakumana ndi Dandan akutuluka pa njinga yake yamagetsi. Anaima n'kukweza galasi la chipewa.

"Alamu, mwabwera pa basi? Mukanandiuza ndikanakunyamulani."

"Wawauza chiyani?"

"Zomwe munanena. Ine sindiwonjezera, sindichotsa."

"Unatumidwa kuti ukafotokoze mofatsa."

"Ndinafatsa kwambiri, akufotokozereni okha. Koma mawu ena, alamu, ngakhale uwanene chonong'ona amabayabe." Anakonza tsitsi lake pa galasi la njinga. "A Kang anandiphunzitsa kuimba ndisanagweruke mano. Ine sindingawanamize. Ena amatha kudya mtedza wawo akubisa nkhani, ine sindinabadwe choncho."

"Loweruka usadzaponde pa hotela paja."

"Loweruka?" Anamwetulira, kumwetulira kwenikweni tsopano, kopanda shuga. "Yambani mwalowa, mukamve."

* * *

Galimoto ya Zhiyuan inali itandipitirira pena pake, chifukwa ndinamupeza ataima pabwalo, manja ali lende. Bambo ake anali atakhala pa kampando pansi pa mtengo, akuviika timabango tolizira m'kapu ya madzi. Lipenga linali pa miyendo yawo. Nsalu yofiira ija inali itamasulidwa, itapindidwa bwinobwino pa zenera.

"Ankolo," ndinatero, ndikuika botolo pa tebulo.

Ndi mmene ndiyenera kuwatchulira mpaka tsiku la ukwati. Pa tsikulo mkwatibwi amathira tiyi pa nsanja, amapereka ndi manja awiri, n'kunena koyamba kuti ababa. Timati kusintha pakamwa. Amayi a Zhiyuan anamwalira iye ali wamng'ono, choncho mpando wa makolo ake unali umodzi wokha.

"Mwana wa a Pei, khalani pansi," anatero.

Sananditchule Lanlan. Ndinakhala pansi.

"Ankolo, ndabwera kuti ndilankhule ndekha."

"Mwalankhula kale. Akuti limanunkha maliro." Ananyamula lipenga n'kulinunkhiza kukamwa kwake. "Mwina n'zoona. Ine mphuno inazolowera."

"Ndinalankhula nditapsa mtima, ndipo sindinkauza inu. Pali chifukwa chake. Amayi anga..."

"Amayi anu ndikuwakumbukira. Kunkagwa mvula yowaza, njira ya kumanda inali yoterera. Inu munagwa pa ngalande, munadzuka, matope osapukuta. Ndinakuzindikirani tsiku lomwe munalowa pa geti apo." Anayang'ana Zhiyuan. "Uyu amati nkhope sindikumbukira. Ndimayang'ana chiyani ndikamaliza, thambo?"

"Ndiye munkadziwa nthawi yonseyi?"

"Ndinkadziwa. N'chifukwa chake ndinafuna kukulizirani. Ndinati mwanayu ndinamuyendetsa akulira, ndidzamuyendetseko akuseka. Ndinaganiza molakwa, ndavomera. Mukanabwera nokha n'kundiuza kuti ankolo, sindingathe, ndikanalipachika pa khoma n'kudzakhala pa mpando ngati munthu. Koma zandipeza kudzera kwa mwana wa eni, ndipo dzuwa lisanalowe mudzi wonse ukhala ukudziwa kuti mpongozi wa Kang akuti Kang amanunkha."

"Sindinati inu, ankolo. Ndinati lipenga."

"Ine ndi ili tinasiyana liti?"

Ndinayang'ana Zhiyuan kuti mwina anenepo kanthu, anene kuti woletsa anali iye. Iye anayang'ana nsapato zake. Mtima wanga unafuna kumuponyera botolo lija.

Ndinalankhula ndekha. Ndinawauza zonse za m'basi, za chovala chofiira, za kutsikira kumapeto kwa msewu, za kuyenda pambuyo pawo mudzi wonse ukuona. Ndinalankhula mwachangu, mawu akupondana. Iwo anamvetsera mpaka ndinamaliza, osandidula.

"Zikanakhala bwino zimenezo," anatero. "Zikanakhala bwino kwambiri."

"Zidzakhala bwino, ankolo. Palibe chawonongeka."

"Tsidya la mtsinje kwamwalira agogo a kwa Shan. Mwana wawo anabwera m'mawa kudzandigwadira kuti ndikalize pa malirowo. Ndinamudzutsa n'kumukaniza, ndinati kwathu kuli zofiira. Nditamva zija ndamuitananso. Wagwada kachiwiri, ndipo fodya wake wotsimikizira pangano ndalandira." Anatulutsa kabango kamodzi m'madzi n'kukayang'ana. "Akuika Loweruka."

"Ababa," anatero Zhiyuan, "Loweruka ndi..."

"Masiku ndimawadziwa."

"Ndiye mukamaliza mudzabwere ku hotela. Ndidzatumiza galimoto."

"Wochokera ku zoyera salowa pa zofiira. Unakulira m'nyumba muno, usandifunse za chibwana. Ndidzalowe ndi dothi la kumanda pa ukwati wa mwana wanga?"

"Auzeni apeze wina, ankolo," ndinachonderera. "Oliza alipo ambiri."

"Munthu wagunditsa chipumi pansi kawiri, mayi wake ali m'bokosi. Ndikamuuze kuti ndinkachita nthabwala? Inu mukudziwa mmene zimakhalira kukhala mbali imeneyo."

Ndinkadziwa. Misozi inafika, ine ndikudana nayo.

"Nanga tiyi? Ndidzapereka kwa ndani?"

"Piyano ija ilibe manja?"

Atangonena anayang'ana kumbali. Khosi lawo linafiira. Kenako analankhula motsitsa. "Pepani, nanenso pakamwa pathamanga. Azakhali a Zhiyuan alipo, akhoza kukhala pa mpandopo. Botolo lanu tengani, mukawapatse bambo anu. Ine ndikakhala ndi ntchito sindimwa."

* * *

Kunja kwa geti Zhiyuan ananditsatira. Tinaima pa kanjira kotsala pakati pa chimanga. Amayi awiri tsidya lina la msewu ankatembenuza chimanga chomwe chinali chotembenuza kale.

"Ndinkangofuna kuti pasapezeke wopwetekeka," anatero.

"Tawerenga amene sanapwetekeke. Ndi Dandan yekha."

"Iwenso mawu aja anali oipa, Ruolan."

"Anali oipa, ndipo ndinawanena kwa mwamuna wanga, osati kwa gulu. Unapita nawo ku msuzi ndiwe." Ndinapukuta maso ndi mkono. Sindinafune kukangana, nthawi inali itatha. "Tamvera. Loweruka tikwatirane. Tipeze woyendetsa mwambo wina. Lamlungu m'mawa tibwere kuno, ndidzagwada pabwalo apo ndi tiyi, ndipo sindidzadzuka mpaka alandire."

"Anandilera okha, ndi lipenga limenelo. Nsapato, sukulu, zonse. Ndidzaima bwanji pa nsanja, magetsi akuwala, iwo ali kumanda kwa eni?"

"Ndiye ukuti chiyani?"

"Mwina tisunthe tsiku."

"Tsiku la ukwati silisunthidwa, ukudziwa zomwe anthu amanena. Ndipo bambo anga akungodikira chifukwa. Ukawapatsa chimenechi sadzakupatsanso tsiku lina."

"Ndikudziwa."

"Ngati ukudziwa, ndiyankhe ngati munthu wamkulu. Loweruka zitseko zikatseguka, ndidzakupeza pa nsanja?"

M'bwalo lipenga linayamba. Silinali lodumphadumpha. Inali nyimbo yokoka ija, yoyamba pansi n'kumakwera ngati munthu akufuna mpweya, yomwe inalira pa maliro a amayi anga. Amayi aja anasiya chimanga. Zhiyuan anayang'ana geti, anayang'ana ine, anayang'ananso geti.

"Akamayeserera imeneyi amafuna wowagwirira ng'oma," anatero.

Analowa. Ndinaima pa msewupo, botolo lili m'manja, mpaka nyimbo inatha. Sanatuluke.